Phula la pa chikwama ndi mvula ya ku Indiana

Kwathu mvula ili ndi ulemu. Imafika cha mu Novembala n'kutsanzika mu Epulo, ndipo miyezi yotsalayo munthu utha kuyanika mphale pabwalo n'kupita kumsika mtima uli m'malo. Kuno ku Indiana mvula ilibe kalendala. Imagwa mu Malichi, imagwa mu Julayi, imagwa mu Okutobala, ndipo ikatopa imasanduka sinowo. Ife a ku South Bend timalandiranso basera. Mphepo yozizira ikamachokera kumpoto chakumadzulo imadutsa pamwamba pa nyanja ya Michigan, n'kutapa chinyezi, n'kudzachikhuthulira pa ife. N'chifukwa chake pachaka kuno kumagwa sinowo woposa mainchesi 60, pamene abale athu a ku Indianapolis, ulendo wa maola awiri ndi theka okha pa msewu wa US 31, zaka zambiri safika ngakhale pa 30.

Sinowo akamagwa sanyowetsa kwenikweni, umangomusasa paphewa. Vuto limayamba ukalowa m'basi ya Transpo kapena ya IndyGo momwe muli mofunda. Sinowo yense amene anatera pa chikwama amasungunuka n'kulowerera m'kati mwakachetechete. Palinso matope aja a sinowo wosakanizika ndi mchere umene amawaza m'misewu, amene magalimoto amakuthira uli chiimire pa siteji. Kwa amene ali ndi galimoto ndi galaja nkhaniyi ndi yaing'ono. Koma ambirife chaka choyamba timachiyenda wapansi, ndipo m'chikwama cha wophunzira mumakhala chuma chake chonse: laputopu imene makolo anagulitsira chimanga, buku la unamwino limene mtengo wake ungadyetse banja mwezi wathunthu kumudzi, nthawi zina pasipoti ndi mapepala a sukulu omwe. M'chikwama cha amene akupita ku ntchito ya usiku mumakhala yunifolomu youma imene ayenera kuvala akafika.

Tili ana tinali ndi njira zathu. Tsamba la nthochi linali ambulera, thumba la feteleza ukalipinda pakona linali chovala cha mvula, ndipo makope ankayenda m'pepala la pulasitiki la shuga. Zinkagwira ntchito, koma sindikuona mwana wathu wa ku Notre Dame kapena IU South Bend akulowa m'kalasi atafunda thumba la feteleza. Zikwama za nayiloni za m'sitolo zimatchinga madzi zili zatsopano, kenaka mankhwala amene anamata m'kati mwake amayamba kusupuka ngati khungu la njoka, ndipo palibe chimene ungachite koma kutaya. Ine ndinasankha njira yachikale, yopaka phula pa nsalu ya lona. Nsaluyo ikayamba kulowa madzi umangoipakanso.

Ndikati nsalu ya lona ndikunena nsalu yokhuthala ya thonje, ngati ija amafunditsa katundu pa lole kapena ya matenti a pamaliro asanabwere a pulasitiki. Kuno pa chizindikiro amalemba kuti canvas kapena duck. Majekete a Carhartt, kampani imene idayamba ku Detroit mu 1889, amene amavala anzathu ogwira ntchito m'mafakitale a ku Elkhart, ambiri ndi a nsalu imeneyi. Ku Goodwill, kumene ndi kaunjika wathu wa kuno, zikwama ndi majekete otere sasowa. Amene muli ndi makina osokera, nsalu yotsika mtengo ndi ija opaka penti amayala pansi, yopezeka ku Menards kapena ku Lowe's. Kale tinkathamangira ku Jo-Ann, koma masitolo ake onse anatsekedwa mu 2025. Chofunika ndi kuwerenga kansalu kakang'ono ka m'kati. Pakhale polembedwa kuti ndi thonje lokhalokha, kapena thonje ndilo lochuluka. Nayiloni ndi poliyesita sizimwa phula, ndipo moto ukachuluka zimakwinyika ngati jumbo yogwera pa mbaula.

Thonje ndi nsalu ya ludzu. Ulusi wake umakoka madzi n'kuwapatsira ulusi woyandikana nawo, monga chingwe cha nyali chimakokera mafuta. Phula ndi madzi sizimwerana. Likasungunuka limalowa mu ulusi n'kutseka timipata ta pakati, ndipo likauma dontho la mvula limangokhala pamwamba lili bulungu, n'kugubuduka ngati pa tsamba la koko kapena pa nthenga za bakha.

Nzeruyi si ya lero. Amalinyero a ku Scotland ndi ku England ankapaka mafuta a mbewu ya linseed pa matanga a zombo, ndipo zidutswa zotsala ankasokera zovala za panyanja. Mafutawo ankasintha nsalu kukhala yachikasu, ndipo kukazizira inkauma gwa. Cha m'ma 1930 opanga nsalu anayamba kugwiritsa ntchito phula la makandulo, ndipo majekete a Barbour, kampani imene John Barbour adaitsegula ku South Shields mu 1894, adatchuka nalo mpaka lero. Kuno ku America kuli Filson ya ku Seattle, ya mu 1897. Mitengo ya zovala zawo musandifunse, ndinangoiona n'kubweza jeketelo pamalo pake mwaulemu. Amene simunapiteko ku Studebaker National Museum mumzinda wathu uno, mukapita mudzaone ngolo yakale ya banja la Studebaker, ya mtundu uja ankaufunditsa nsalu ya lona. Anthu ankayenda miyezi pansi pa nsalu yotero, ufa ndi zofunda zili momwemo.

Tsopano pali mawu amodzi amene angatipweteketse ife Amalawi kuposa anthu ena, ndipo ndi chifukwa chenicheni chimene ndalembera nkhaniyi. Mukafufuza pa intaneti mupeza kuti mufunika paraffin. Kwa ife parafini ndi mafuta a nyali, aja tinkatumidwa kukagula m'botolo la Fanta dzuwa likamalowa. Kuno mafuta amenewo amawatcha kerosene. Munthu wa ku America akati paraffin akunena phula loyera, louma, lopangira makandulo. Limagulitsidwa m'kabokosi ka paundi imodzi, monga la Gulf Wax, ndipo m'masitolo a zakudya limakhala pafupi ndi mabotolo osungiramo jamu.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti ambirife tinakulira m'nyumba zimene amayi ankapanga okha polishi wa pansi. Ankasungunula makandulo m'chitini, n'kuthiramo parafini, n'kutakasa, ndipo Loweruka simenti inkawala ngati galasi. Dzanja limene linazolowera zimenezo likamva zopaka phula pa nsalu lidzafuna kuthiramo parafini kapena petulo kuti phulalo lifewe ndi kulowa msanga. Chonde abale anga, pa nsalu ayi. Pa 6 Julayi 1944 mumzinda wa Hartford ku Connecticut, anthu zikwizikwi, ambiri amayi ndi ana, anali m'chitenti chachikulu cha Ringling Bros. and Barnum & Bailey kuonera masewero a nyama ndi anthu oyenda pa chingwe. Pofuna kuti chisadonthe, eni ake anali atachipaka mapaundi 1,800 a phula losungunulira m'magaloni 6,000 a petulo. Moto utayamba chitenticho chinagwa pasanathe mphindi khumi, phula loyaka likudonthera pa anthu. Anafa anthu osachepera 167, ndipo oposa 700 anavulala. Chikwama chanu si chitenti, koma khitchini ya m'fulati mwezi wa Disembala, mawindo ali otseka ndipo mpweya wa petulo ukuyenda pansi kufuna lawi la sitovu, ndi malo oopsa mokwanira. Kuseri kwa khomalo kukugona ana a anthu ena.

Mwina mukudabwa kuti zinatheka bwanji kuti dzina limodzi likhale la zinthu ziwiri. Nkhani yake imadutsa kwathu. Katswiri wina wa ku Scotland, James Young, adapeza njira yotulutsira mafuta a nyali ndi phula lomwe kuchokera ku malasha, n'kuilembetsa kuboma mu 1850, n'kutsegula fakitale ku Bathgate. Adalemera kwambiri mpaka anthu ankangomutcha Paraffin Young. Anthu a ku Britain adapatsa mafutawo dzina la paraffin, ndipo ife tinalandira dzinalo pamodzi ndi nyali zawo. Young ameneyu anali bwenzi la David Livingstone kuyambira ali anyamata ku Anderson's College ku Glasgow, ndipo ndalama zake zidathandiza pa maulendo a Livingstone. Livingstone atamwalira kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, mu Meyi 1873, Susi ndi Chuma pamodzi ndi anzawo adaumitsa thupi lake, n'kulikulunga m'nsalu ndi khungwa la mtengo, n'kulisokera m'nsalu ya matanga imene adaimata phula lakuda. Adalinyamula mpaka ku Bagamoyo, komwe adafika mu Febuluwale 1874. Chuma anali Myao amene adapulumutsidwa ku ukapolo ali mwana m'mapiri a ku Shire mu 1861. Amene adalipira ulendo wa Susi ndi Chuma wopita ku Britain mu 1874 anali Young yemweyo. Ndimaona ngati Chichewa chidachita bwino kutcha la njuchi, la kandulo ndi la pamsewu dzina limodzi lakuti phula, pakuti onsewo madzi amawalambalala.

Phula la njuchi, limene ena kwathu amati sera, ndilo lachiwiri lofunika. Funsani ogulitsa uchi ku South Bend Farmer's Market kapena ku msika wa alimi wa ku Broad Ripple ku Indianapolis. Limapezekanso ku Michaels ndi ku Hobby Lobby, koma la mlimi limanunkhira uchi weniweni, ndipo ukacheza naye bwino mtengo umatsikako monga kwathu. Ine ndimasakaniza theka la njuchi ndi theka la makandulo, poyeza pa sikelo ya kukhitchini. La makandulo ndi lotsika mtengo koma ndi louma mtima, kukazizira limathetheka n'kusiya mizere yoyera paliponse nsalu yapindika. La njuchi ndi lodula ndipo limamata pang'ono, koma limapindika pamodzi ndi nsalu. Paundi imodzi ya msakanizowu imandikwanira chikwama cha sukulu n'kutsalako.

Posungunula musaike chitini cha phula pamoto mwachindunji. Thirani madzi m'poto wakale, ikani chitinicho m'madzimo, moto ukhale wochepa. Phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64 a Celsius, la makandulo lisanafike pamenepo, ndipo madzi sangatenthe kupyola pa 100, omwe ndi 212 pa Fahrenheit ya kuno. Choncho madziwo ndi mlonda wanu, chifukwa phula limayamba kugwira moto cha pa madigiri 200. Musachokepo kukayankha foni ya kumudzi, tonse tikudziwa kuti imeneyo siitha msanga. Likayaka, zimitsani sitovu n'kuvindikira. Madzi musathire, amamwaza motowo monga amachitira pa mafuta okazingira mandasi.

Chikwamacho chikhale chochapa ndi chouma bwino. Yalani makatoni pa tebulo, lowetsaninso katoni ina m'kati mwa chikwama kuti mbali ziwirizo zisamatirane. Tengani bulashi ya penti yotsika mtengo, pakuti siidzagwiranso ntchito ina, n'kumapaka mofulumira malo aang'ono ngati chikhatho. Phula limauma pa bulashi pomwepo, ndiye mumaviika kawirikawiri. Mukamaliza chikwamacho chidzaoneka chonyansa, choyera mbuu ngati mwana wosewera pa phulusa, ndipo apa ndi pamene a m'nyumba mwanu adzayamba kukusekani. Asiyeni aseke. Tengani makina oumitsira tsitsi, muwatsegule potentha kwambiri, n'kumayendetsa pang'onopang'ono pafupi ndi nsalu. Mudzaona phula likunyezimira, kenaka n'kumira, nsalu n'kuda ngati nthaka yolandira mvula yoyamba. Pamenepa ndi pamene ndimapakonda, ndipo ana akakhala pafupi amalimbirana makinawo. Pamene phula lachuluka pukutani ndi kansanza lidakali lofunda. Simbi yositira nayo imatheka mukayala pepala lophikira makeke pakati, bola isakhale simbi imene amayi a m'nyumba amasitira zovala za ku tchalitchi.

Madzi ndi ochenjera, salowera pakati pa nsalu koma m'misoko, momwe singano inaboola. Misoko, makona a pansi ndi m'mbali mwa zipi muzipake kawiri, n'kumakanikiza ndi chala phula lidakali lofewa. Kenaka pachikani chikwamacho tsiku lathunthu. M'mawa mwake thiranipo kapu ya madzi. Pamene madzi agubuduka pali bwino, pamene pada n'kunyowa pabwerezeni.

Pa jekete njira ya bulashi imalemeretsa kwambiri, munthu umayenda ngati wavala chitseko. Ndi bwino kuthira msakanizo uja m'kachitini, uume ngati sopo, n'kumakhula nawo pa nsalu monga mukuchapa, kenaka n'kutenthetsa. Mapewa, chipewa ndi kutsogolo kwa manja zilandire kawiri kapena katatu. Kumsana ndi m'khwapa pang'ono pokha, kuti thukuta lipeze potulukira. Kampani ya ku Sweden ya Fjällräven imagulitsa phula lotere lopangiratu, ndipo nalonso ndi la makandulo losakaniza ndi la njuchi.

Pali malangizo awiri a pa intaneti amene sindigwirizana nawo. Ena amati ukulunge chikwama m'pilo n'kuchiponya m'makina oumitsira zovala. Ngati makinawo ndi anuanu, zili kwa inu. Koma ambirife timachapira m'makina a nyumba yonse, ndipo phula lotsalira m'menemo lidzathera pa malaya oyera a neba amene sanakulakwireni. Ena amati muonjezere mafuta a linseed monga amalinyero akale. Mafuta amenewa akamauma amatulutsa kutentha, ndipo nsanza zonyowa nawo ukaziunjika pakona zitha kuyaka zokha usiku popanda woyatsa. Phula lotsala nalo musalithire mu sinki. Limakauma m'mapaipi, ndipo eni nyumba adzadula pa ndalama ija munasungitsa polowa.

Ophunzira okhala m'nyumba zogona za pasukulu, malamulo a malo ambiri otere salola ngakhale kandulo, ndiye musayesere kuchipinda. Pemphani banja lina la kwathu limene lili ndi galaja kapena khonde. Sindikudziwa mayi wa Chimalawi mumzinda uno amene angakane mwana wasukulu wobwera ndi chikwama ndi phula lake Loweruka masana, ndipo mwachidziwikire mudzachokako mutadya nsima. Nthawi yabwino ndi Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, pamene chitseko cha galaja chingakhale chotsegula munthu osanjenjemera.

Ndisakunamizeni kuti nsalu ya phula ndi pulasitiki. Imapirira mvula ya pa siteji ya basi ndi ulendo wochoka ku laibulale kupita kunyumba, koma chikwama chikagwera mu mtsinje wa St. Joseph mabuku anyowa basi. Pasipoti ndi mapepala a boma azikhalabe m'kathumba ka pulasitiki kotseka, m'kati mwa chikwamacho. Jekete la phula limatchinga mphepo ndi madzi koma silifunditsa, mu Januwale pamafunika juzi yokhuthala m'kati. Nsaluyo imada, imalemera, ndipo imasunga chipsera cha paliponse yapindika. Ena amadana nazo, ena amalipira ndalama zambiri kuti agule chikwama chooneka chomwecho. Musachichapenso m'makina kapena ndi madzi otentha ndi sopo, phula lonse lichoka. Matope akauma mumangowasasa ndi bulashi, mchere wa mumsewu n'kupukuta ndi kansalu ka madzi ozizira. Pa zikondwerero zathu za 6 Julayi, pamene tikuwotcha nyama ku paki, nsalu ya phula italikirane ndi makala. Ndipo musaisiye m'galimoto yotseka pa dzuwa la mwezi umenewo, chifukwa phula limafewa n'kudetsa mpando.

Amayi ena anandifunsa ngati chitenje cha wakisi sichili kale ndi phula. Dzinalo limanyenga. Popanga nsalu zimenezi, monga za Vlisco ya ku Helmond ku Netherlands, phula amalidinda pa nsalu kuti utoto usalowe malo ena, kenaka amalichotsa. Chimene chimafika kwa ife ndi thonje wamba, ndipo aliyense amene mvula inamupeza atafunda chitenje akudziwa zimenezi. Komabe popeza ndi thonje, chimamwa phula bwino kwambiri. Pachokha n'chopyapyala, sichinganyamule mabuku, koma mukachisokera pamwamba pa nsalu ya lona mumapeza chikwama chimene palibe wina ali nacho pa sukulu yonse. Yambani mwayesa pa kachidutswa, chifukwa mitundu imaderako ndipo poyera pamasanduka pachikasu chifukwa cha phula la njuchi.

Kamodzi pachaka yang'anani pansi pa chikwama, m'makona ndi pamene chimakhuza msana. Pamene payamba kutuwa ndi pamene phula latha. Simufunika kuyambiranso zonse, mungokhulapo ndi kachidutswa kaja n'kutenthetsa, ntchito ya mphindi makumi awiri. Ngati mukukonza chikwama choti mutumize kumudzi, kumbukirani kuti vuto la kumeneko si kuzizira koma kutentha. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa mwezi wa Okutobala kumapyola madigiri 40 pamthunzi, ndipo chikwama chomangirira pa kaliyala ya njinga padzuwa chimatentha kuposa pamenepo. Cha kumeneko chulutsani phula la njuchi, magawo atatu pa gawo limodzi la makandulo, mupake mopyapyala, ndipo muikemo kachidutswa kena m'thumba la m'mbali kuti akapakenso mvula ya chaka chamawa isanayambe.